Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Disembala wa ku Durban

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito yomanga ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg. Makontilakita kuno amatseka pakati pa Disembala, ndipo Johannesburg amachita zii. Amene tinalibe ya basi yopita kumudzi tinasonkherana ku chipereganyu chathu, n'kuchita hayala minibasi ya ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 500 pa msewu wa N3.

M'gulumo tinalimo ambiri a kunyanja, ena a ku Nkhotakota, ena a ku Nkhata Bay, anthu okulira m'bwato ndipo odziwa mwera. Titafika kugombe ku Durban, mphwanga wina ataona chikhamu chadzadza pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu zosonyeza malo ololedwa kusambirapo, anasankha malo apambali pamene mafunde sankasweka. Madzi asanamufike m'chiuno, wenzulo inalira.

Lifeguard amene anaiimba, wopulumutsa anthu m'madzi, sanakalipe. Anatiimika pamchenga n'kutiloza: "Taonani thovu ilo, likulowera kuti?" Zoonadi, thovu ndi zinyalala zinkapita kunyanja pamene pena ponse mafunde ankabwera kumtunda. Madzi a pamenepo anali oderako, osakanikirana ndi mchenga. Imeneyo ndiyo rip current. Mafunde akaunjika madzi kugombe, madziwo amaboola mpata mumchenga wapansi n'kubwerera mwaliwiro ngati mtsinje wosefukira. Pooneka pabata m'pamene pali msampha, ndipo mphamvu yake imakula mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa.

Chimene chinandikhala mumtima n'chakuti madziwo sakokera munthu pansi, amangomutengera kutali. Chimapha ndi mantha ndi kutopa polimbana nawo. Ukagwidwa, uyandame chagada, ukweze dzanja limodzi, kenako usambire motsata gombe mpaka utatuluka mumkokomo. Ife a kunyanja timanyadira mphamvu za m'manja, ndiye uphungu woti usalimbane umatilowa movutikira.

"Achimwene, ine ndinayamba kusambira ndisanayambe sukulu," anatero mphwanga uja.

"Unkasambira ku Chintheche, osati kuno," ndinamuyankha.

Chiyambire pamenepo, pokonza ulendo ndimayamba ndakamba zimenezi minibasi isananyamuke, mowa usanatsegulidwe. Ndimawauzanso za maboya apinki, zoyandama zogwirira m'madzi, amene bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linayamba kuika m'magombe mu 2017: mnzako akamatengedwa, um'ponyere boya n'kuimba nambala ya zangozi, 112, osadumphira chimanjamanja. Amayi a m'gulu mwathu amamvetsera. Anyamata ndiwo ndimachita kuwabwerezera tikafika pa Harrismith, tauni ya panjira.