Tsiku limene ndinayeza bedi la ana ndi mutu wanga

Anyamata athu awiri anali atakula moti kabedi kamodzi kamene ankagonapo sikankawakwananso. Usiku uliwonse wina ankadzuka akulira, chidendene cha mnzake chili pakamwa. Wachisamba ali ndi zaka 7, chitsirizira ali ndi zaka 4, ndipo chipinda chawo n'chaching'ono, mabedi awiri sangalowemo pokhapokha titazula chitseko. Ndiye tinagwirizana zogula bedi losanjikizana, lija ana amati dabulodeka, pamodzi ndi kabati ya madirowa yosungiramo zovala zawo, zimene zinkangounjikana pampando.

Mayi a ana anga sagula chinthu asanawerenge za chinthucho. Ine ndimagula ndi maso. Tsiku logulalo iwo anali kuntchito, choncho anandisiyira kapepala ndi tepi yoyezera. Pakapepalapo panali malamulo ambirimbiri. Ati bedilo ndiligwedeze ndione ngati likulira. Ndipapase makona ake ngati ali akuthwa. Ndifunse za penti, poti penti wina amakhala ndi mtovu ndipo ana amaluma chilichonse chimene chafika pakamwa. Ndionetsetse ngati ndi matabwa enieni kapena utuchi uja amauthina ndi guluu, umene ukangonyowa umatupa n'kuyamba kuyoyoka, ndipo pabedi la mwana wa zaka 4 kunyowa si nkhani yachilendo. Pansi penipeni, atakhwatcha mizere iwiri kunsi kwake, analemba kuti ndiyeze mipata ya matabwa otchinga m'mbali mwa bedi lam'mwamba.

Kapepalako ndinakawerenga konse. Ndikunena izi chifukwa alipo anthu ena m'nyumba mwathu amene mpaka lero akufalitsa zoti sindinakawerenge. Tepi yokha ndi imene inatsala patebulo.

Kusitolo ndinapeza bedi lofiira, makwerero ake achikasu, m'mbali atajambulamo timagalimoto. Wogulitsa anali mnyamata wa pakamwa pokoma. Anakwera pamwamba n'kudumpha, bedi osagwedera ngakhale pang'ono.

"Bwana, ili ndiye adzagonapo ndi zidzukulu zanu zomwe," anatero.

Kunena chilungamo, bedilo linali lolimba. Matabwa enieni, makona obulungira bwino. Mipata ija ndinaiyang'ana ndi diso limodzi, ndinaikapo chikhatho, n'kugwedeza mutu monga munthu wodziwa ntchito. Anandipakirira zonse m'makatoni, pamodzi ndi timatumba ta mabawuti ndi kachitsulo kopindika komangira mabawutiwo. Kunyumba ndinamanga ndekha bedi ndi kabati yomwe, thukuta lili kamukamu, ana akundipatsira zida zolakwika. Pomaliza panatsala kathumba kamodzi, muli kalamba kakafupi, sikuluu yaitali ndi kapepala kojambulidwa khoma. Munthu aliyense amene anamangapo zinthu za m'katoni amadziwa kuti pamakhala zotsalira. Ndinakaponya pamwamba pa kabati ya kuchipinda kwathu.

Madzulo mayi atafika sanayamikire mtundu wofiira uja, sanaone ngakhale timagalimoto. Analowa m'chipinda cha ana tepi ili kale m'manja.

"Bambo a ana, mpata uwu munauyeza?"

"Ndinauyeza."

"Ndi chiyani? Tepi ndaipeza patebulo."

"Ndi maso, mayi. Maso angawa sanayambe andinamizapo."

Anatambasula tepi pakati pa thabwa lam'mwamba ndi lam'munsi, n'kundionetsa nambala osalankhula. Masentimita 17. Kenako anayamba kufotokoza modekha, mwa kalankhulidwe kaja kamene kamandiopsa kuposa kukalipa. Ati bungwe la boma la ku America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa linaika malire akuti mipata ya chotchingira bedi lam'mwamba isapitirire mainchesi atatu ndi theka, amene ali pafupifupi masentimita 9. Ati ngakhale pa zosewerera ana za panja, mpata wa pakati pa masentimita 9 ndi 23 amauwerengera kuti ndi msampha. Mwana akamagudubuzika m'tulo, miyendo ndi imene imayamba kutuluka, thupi lake lowondalo limatsatira, koma mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye umatsala mkati, mwana n'kulendewera pakhosi. Anawonjeza kuti chotchingiracho chiyenera kutalika masentimita 13 kupitirira pamwamba pa matiresi, komanso mwana wosakwana zaka 6 sagona pamwamba.

Pa mawu omalizawa chitsirizira anayamba kulira, chifukwa ine ndinali nditamulonjeza kale kuti pamwamba m'pake.

Apa ndinaona kuti ulemu wanga ukutha pamaso pa ana. Ndinafunika kupambana mfundo imodzi yokha, iliyonse.

"Mayi, mpata uwu ndi waukulu moti mutu ungathe kulowa n'kutuluka bwinobwino. Ngati wanga, wa munthu wamkulu, ungalowe n'kutuluka, kuli bwanji wa mwana?"

"Musayerekeze."

Ndinayerekeza. Bedi lam'mwambalo linali msinkhu wa pachifuwa panga, choncho ndinawerama pang'ono, ndinapendeketsa mutu chammbali, n'kukankha. Unalowa bwino kwambiri. Makutu anapindika okha mwaulemu, kenako n'kutambasukanso mkati. Tsaya langa linagona pamatiresi atsopano onunkhira pulasitiki.

"Mwaona?" ndinatero. "Tsopano onani kutuluka kwake."

Abale, khutu la munthu analipanga kuti lizipindikira kumbuyo. Polowa limagonera kumutu mosavuta. Potuluka limafuna lipindikire kutsogolo, ndipo limakana. Ndinakoka, khutu lam'mwamba linakola thabwa. Ndinatsitsa mutu kuti lam'mwambalo lidutse, lam'munsi linakola. Ndinayesa kutembenuka, chibwano chinagunda. Ndinayesa kuseka kuti zioneke ngati ndikuchita dala, koma kusekako kunatuluka ngati kulira kwa mbuzi imene yalowetsa mutu pampanda.

M'chipindamo munali zii. Kenako ndinamva bedi lam'munsi likugwedezeka pang'onopang'ono. Anali mayi, atakhala pamenepo, akuseka kuseka kopanda mawu kuja kumene kumatulutsa misozi.

"Adadi, ndiye kuti pamwamba muzigona ndinu?" anafunsa wachisamba.

"Khala chete iwe! Mayi, tengani sopo."

Ananyamuka akupukuta misozi, kupita kubafa. Wachisamba anawatsatira kuti akanyamule beseni. Ndinatsala ndi chitsirizira, ndipo popeza mutu wanga unali utagonera mbali imodzi, ndinkangoona chinthu chimodzi chokha, kabati yatsopano ija pakona. Pamwamba pake mayi anali ataikapo botolo la mafuta odzola.

Mwanayo ali ndi mtima wabwino, anatengera ine. Anaona kuti bambo ake akufunika mafuta. Anakoka dirowa ya pansi. Anakoka yachiwiri pang'ono. Anaponda yoyamba, manja n'kugwira pamwamba.

"Iwe, tsika! Tsika msanga!"

Anandiyang'ana n'kumwetulira, n'kuponda yachiwiri. Ndinaona miyendo yakumbuyo ya kabati ikunyamuka pansi. Ndinakuwa kukuwa kumene sindinakuwepo chibadwire, ndinakoka mutu ndi mphamvu zonse mpaka bedi lonse linasendera, koma bedi lolimba lija silinandisiye. Beseni linagwa pakhomo, madzi mbwee, ndipo mayi anafika phewa lili patsogolo n'kuidzendemera kabatiyo isanagwe. Madirowa am'mwamba anasololoka, zovala balalabalala pansi. Mwana anagwa chokhala pamulu wa masokosi, botolo la mafuta lili m'manja.

"Ndatenga, adadi," anatero.

Palibe anaseka. Mayi anamukumbatira mwanayo nthawi yaitali, akumupapasa mutu ndi manja. Atatsimikiza kuti sanavulale, anatembenukira kwa ine, kapena ndinene kuti anatembenukira ku gawo la ine limene linali kunja.

"M'katoni ya kabatiyi munalibe kalamba ndi sikuluu yaitali?"

"Zinalimo zotsalira zina."

"Zotsalira."

Anazungulira, anakwera makwerero achikasu aja, n'kudzakhala pamatiresi pafupi ndi nkhope yanga. Chikwatiranireni, aka kanali koyamba kuti ndimvetsere nkhani yawo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osanyamuka kuti ndikaone ngati ndatseka geti. Ati kalambako ndi komangirira kabati kukhoma. Kabati ikakhala yotseka imaoneka yokhazikika, koma madirowa akatseguka kulemera kwake kumasunthira kutsogolo, ndiye mwana akangopondapo imamugwera. Ati mu 2016 kampani yogulitsa mipando ya IKEA inachita kuitanitsa kuti abwezedwe makabati okwana 29 miliyoni amene inagulitsa ku America chifukwa ana ena anamwalira atagweredwa ndi makabati osamangirira kukhoma. Ati kuyambira mu 2023 lamulo la kumeneko limafuna kuti makabati a zovala aziyesedwa ndi cholemera mapaundi 60, pafupifupi makilogalamu 27, kuyerekeza mwana amene wapondapo. Anapitiriza za wailesi yakanema ya pabalaza, za shelefu ya mabuku, zoti zinthu zolemera ziziikidwa m'madirowa a pansi ndipo pamwamba pasamakhale kanthu kokopa mwana.

Apo ndinafuna kukumbutsa kuti amene anaika mafuta pamwamba si ine. Koma fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Sopo anakanika. Anangondilowa m'khutu n'kuyamba kuthetheka. Mafuta odzola nawo anakanika, anangochititsa kuti mutu wanga uzinyezimira. Makutu anali atayamba kutupa chifukwa chokokakoka, msana nawo ukuwawa chifukwa chowerama. M'pamene nzeru zinandibwerera, poti thabwalo ndinalimanga ndine, ndi mabawuti awiri okha.

"Masulani mabawuti! Tengani kachitsulo kopindika kaja!"

Anakafunafuna paliponse. M'makatoni, pansi pa bedi, m'madirowa aja, mpaka m'bini. Anayesa mpeni, anayesa sipanala ya njinga, koma mabawuti a mtundu umenewu ali ndi kabowo ka makona 6 ndipo samvera chida china. Ine ndinkangolamula ndili momwemo, kuloza malo ndi phazi. Pomaliza mayi anaimbira foni mchimwene wawo, amene amagwira ntchito ya ukalipentala.

Pa anthu onse a padziko lapansi, mlamu wangayo ndi amene sindikanafuna kuti andione. Ndinamva akulowa, akuika bokosi la zida pansi, n'kukhala chete kanthawi.

"Alamu, ndipereke moni mbali iti? Kuno kapena uko?"

"Alamu, chonde, gwirani ntchito."

"Ayi, tiyambe tapatsana moni. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu."

"Ife ndiye taswera, kaya inu amene muli m'katimo."

Anayang'ana mabawuti, anafufuza m'bokosi mwawo, n'kupeza kuti tizitsulo tawo topindika anatisiya kuntchito. Anatulutsa sowo. Ndinamva mano ake akukhudza thabwa chapafupi ndi khutu langa, ndipo ndinayamba kulapa machimo amene sindinachite n'komwe. Ana anauzidwa kuti aime kutali. Wachisamba anafunsa ngati khutu limameranso likaduka. Mlamu anati zimatengera munthu wake.

"Tasunthirani uku pang'ono, alamu, ndipeze poponda," anatero akundikankha m'chiuno. Kenako anaima. "Kodi cholimba chili m'thumba lakumbuyoli n'chiyani?"

Anapisa dzanja n'kutulutsa kachitsulo kopindika kaja. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense akaone, kupatula ine amene sindikanatha kutembenuka. Bawuti yoyamba, bawuti yachiwiri, thabwa linanyamuka, ndipo ndinaimirira ngati munthu, makutu ali psuu, mutu uli noninoni, tsaya litadindika mizere ya matiresi.

Usiku womwewo mlamu anaboola khoma n'kumangirira kabati ndi kalamba kaja, kenako anaikoka ndi manja awiri kuti tione kuti siikusuntha. Anayang'ananso timatabwa tonyamula matiresi am'mwamba n'kutikhomerera kuti wogona pansi asamatikankhe ndi mapazi. M'mawa mwake anabwera ndi matabwa awiri opalidwa bwino, limodzi la mbali iliyonse, poti mbali ya kukhoma nayonso imafuna chotchingira, n'kutseka mipata ija mpaka inatsala yosakwana masentimita 9. Mayi anayeza okha. Ine anandipatsa ntchito yogwira tochi.

Wachisamba anakwera pamwamba. Chitsirizira analira pang'ono, kenako anavomera pansi titamuuza kuti adikire akwanitse zaka 6, ndipo tsopano m'mawa uliwonse amafunsa ngati zakwana.

Sabata yatha mlamu uja anandiimbira foni. Kwawo akuyembekezera khanda, ndiye akupanga kabedi kake. Ati timitengo ta m'mbali mwa kabedi ka khanda sitiyenera kutalikirana kupitirira masentimita 6, ndipo akufuna ndipite ndikathandize kuona ngati zili bwino.

"Alamu, pa masentimita 6 mutu wanga sungalowe," ndinatero.

"N'zimene tikufuna titsimikize, alamu. Mubwere Loweruka, sopo tagula kale."