Tsiku limene bambo anayeza mpanda wa Churchill

Bambo atabwera ku England kudzaona mdzukulu wawo, sabata yoyamba ndinawazunguza mu London mpaka miyendo inatupa. Nyumba zachifumu, milatho, sitima zapansi panthaka, zonsezo ankangoti, "Eya, ndaona." Chimene chinkawaimitsa panjira ndi njerwa. Munthu amene wamanga nyumba za anthu ku Ntcheu ndi ku Balaka kwa zaka zoposa 40 sadutsa khoma osaliponyera diso. Nditakumbukira kuti ku Kent kuli nyumba ya nduna yaikulu imene inkagwira yokha mpeni womangira, ndinati basi, Loweruka tikupita ku Chartwell, kwa Winston Churchill.

Malowa ali pafupi ndi katauni ka Westerham. Ukasiya msewu waukulu wa M25 umalowa m'timisewu topanikiza, mitengo itakumana pamwamba, moti galimoto ina ikatulukira kutsogolo mumachita kupatsana mpata. Amayang'anira malowa ndi a National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri yakale, ndipo tikiti yolowera m'nyumba imakhala ndi nthawi yake. Yathu inali ya 1 koloko masana, choncho tinayamba ndi kunja.

Kumaso kwake nyumbayi siyodabwitsa: njerwa zofiira, mawindo ambiri, basi. Ukazungulira kuseri m'pamene umadziwa chimene mwini wake anagula. Nthaka imatsetsereka kukafika kumadamu awiri, ndipo kupitirira apo maso amangoyenda pa minda ndi nkhalango za Kent mpaka kutopa. Churchill anagula malowa mu 1922 pa mapaundi 5,000, mkazi wake Clementine asanavomereze. Mayiyo anali ataona kale kuti nyumbayo ndi yofumbwa ndipo idzawadyera ndalama. Sanalakwe. Mmisiri wolemba mapulani, Philip Tilden, anaigwetsa mwina n'kuiwonjezera mwina kwa zaka ziwiri, banjalo n'kudzalowamo mu 1924, ngongole zitayamba kale kulondola. Nditawafotokozera bambo zimenezi anaseka. "Kugula malo osawauza amayi ako? Ndikanagona pakhonde mwezi wathunthu."

Tinadutsa pa timaiwe ta nsomba zofiirira, pamene pali kampando kamene mkuluyo ankakhalapo pozidyetsa. Kudamu kuli mbalame zonga atsekwe, zakuda bii, makosi aatali. Pali kanjira ka maluwa achikasu kamene ana awo anawadzalira mu 1958 pokondwerera zaka 50 za ukwati. Zonsezi bambo anazidutsa ngati akuthamangira minibasi, chifukwa anali ataona kale mpanda wa dimba la ndiwo zamasamba.

Pakhomapo pali mwala wolembedwa kuti gawo lalikulu la mpandawu anamanga Churchill ndi manja ake pakati pa 1925 ndi 1932. Ndinawawerengera. Sanayankhe. Anandipatsira ndodo yawo, n'kupita pakona, n'kutsamiritsa tsaya panjerwa, diso limodzi atatsinzina, kuyang'ana mzere kuchoka apo mpaka kumapeto. Kenaka anayendetsa chala chachikulu m'mipata ya simenti, kugogoda njerwa ziwiri zitatu ndi nkhonya, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo. Azungu awiri amene ankajambula maungu anasiya n'kumationerera.

"Nanga bwanji, bambo, wakhoza?"

"Mpanda ndi wolimba. Koma pena mzere ukuyenda ngati njoka. Uyu ankamanga akucheza." Anakhala chete pang'ono. "Nanga matope ankamupondera ndani? Njerwa ankamusenzera ndani? Amenewo mwala wawo uli kuti?"

Ndinalibe yankho, ndiye ndinawauza nkhani ina yoseketsa, yoti mu 1928, ali nduna ya zachuma, Churchill analandira khadi la bungwe la amisiri omanga nyumba, mamembala ena n'kukwiya kuti munthu wa chipani cha olemera akufunanji pakati pawo. Bambo anati akanakhala iwo akanamulandira, bola azilipira ya umembala. Chimene chinawafewetsa mtima ndi kanyumba kakang'ono ka njerwa pakona ya dimbalo, kotchedwa Marycot, kamene anamangira mwana wake womaliza, Mary, kuti aziseweramo masanje. Anasuzumira mkati n'kunena kuti apa pokha munthuyu anamanga ndi mtima wonse.

M'nyumbamo zipinda zambiri anazikonza monga zinalili m'zaka za m'ma 1930. Ine chinandigwira ndi chipinda chake cholembera, cham'mwamba, denga lake mitanda ili poyera. Muli tebulo lalitali lopendekeka logwirirapo ntchito choimirira. Usiku, alendo atadya n'kukagona, iye ankayendayenda m'menemo akulankhula, alembi akulemba, mpaka pakati pa usiku kupitirira. Kuyambira 1929 mpaka 1939 analibe unduna uliwonse, anzake a m'chipani akumuona ngati nkhalamba yovuta, ndipo m'nyumba muno ndi mmene anthu ena a m'boma ankabwera mwakachetechete kudzamutsina khutu za zida zimene Hitler ankasonkhanitsa. Koma ndisanamizire kuti zolemba zonsezo zinali za kupulumutsa dziko. Zambiri zinali zofuna ndalama. Nyumba, antchito, madamu, dziwe losambiramo la madzi otenthetsa, zonsezo zinkadya cholembera chake.

Mu 1938 zinthu zinathina mpaka Chartwell anaiika pamsika. Amene anasenza ngongolezo kuti nyumba isapite ndi Sir Henry Strakosch, mkulu wa kampani ya migodi ya golide ku South Africa yotchedwa Union Corporation. Nditatchula migodi, bambo anandiyang'ana. Agogo anga, bambo awo, anapita ku Joni kawiri, n'kubwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chimene sichinathe. Sitinakambirane zambiri. Mzere wa anthu kumbuyo kwathu unkatikankha.

M'zipinda zimene muli mayunifolomu, mamendulo ndi mphatso zochokera m'mayiko osiyanasiyana ndi mmene tsikulo linanditembenukira. Mayi wina wachikulire, mwa anthu ongodzipereka amene amaima m'zipinda kufotokozera alendo, anationetsa mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Anatero ndi nkhope yowala, kuti chinali chaka chachikulu kwa Churchill: mphotoyo, ulemu wa "Sir", komanso kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth iye ali nduna yaikulu kachiwiri. Bambo anafunsa kuti akuti chaka chiti. Ndinati 1953.

"Chaka chimene anagwira Gomani," anatero, ngati akunena za mvula.

Anali ndi zaka 7. Chimene amakumbukira ndi akuluakulu akunong'onezana pabwalo ndi amayi awo akuwaletsa kupita kumsewu. Chaka chimenecho boma la Churchill linakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda atakana poyera. Mafumu a ku Nyasaland anachita kukwera ulendo mpaka ku London kukadandaula, osaloledwa kuonana ndi Mfumukazi. Inkosi Gomani yachiwiri, Philip, itauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a atsamunda, inachotsedwa pampando, inathawira ku Mozambique, Apwitikizi n'kuibweza, ndipo inamwalira mu 1954. N'zoona kuti zokambirana za chitaganyacho zinayamba boma la chipani cha Labour lisanachoke, ndiponso amene ankayendetsa nkhaniyo ndi nduna yoona za mayiko a atsamunda, Oliver Lyttelton. Koma wapampando wa nduna zonsezo anali mwini nyumba imene tinaimamoyi.

Mayi uja anafunsa mwaulemu kuti bambo anena chiyani. Ndinangoti akuti chakacho akuchikumbukira. Anamwetulira, ife n'kupitirira. Mpaka lero zimandinyong'onya kuti sindinamasulire zonse. Sanali munthu woti akanakhumudwa, ndipo mwina akanafunsa zambiri. Ndinangochita manyazi a mlendo amene safuna kudetsa pabalaza pa eni ake.

Titatuluka tinatsikira ku kanyumba kamene ankajambuliramo zithunzi. Anajambula zoposa 500 pa moyo wake, ndipo makoma a m'menemo ndi odzaza kuyambira pansi mpaka kudenga, zina zosamaliza. Bambo anakhala pabenchi panja, akuti penti ya pansalu si ntchito yawo. Pamenepo ndinawasimbira mathero ake: mu 1946 ndalama zitavutanso, anzake olemera motsogozedwa ndi Lord Camrose anagula nyumbayo n'kuipereka ku National Trust, pa mgwirizano woti iye ndi mkazi wake akhalemo mpaka imfa, akulipira lendi. Anamwalira mu January 1965, patangotha miyezi 6 Malawi atalandira ufulu, ndipo chaka chotsatira zitseko zinatsegukira anthu ngati ife.

"Ndiye kuti anafa ali pa lendi?" Anapukusa mutu, akuseka chamumtima.

Banjalo linapempha kuti pakhomopo pazikhala nthawi zonse mphaka wofiirira wa chifuwa ndi mapazi oyera, dzina lake Jock, pokumbukira amene Churchill anapatsidwa atakwanitsa zaka 88. Tinamusaka pang'ono, osamuona. Ndinati tipite tikamwe tiyi, kunja kwayamba kuzizira. Bambo anakana, akuti tibwerere kaye kudimba kuja. Anakaima pakona pomwe paja, chipewa atavula, n'kundiuza kuti ndijambule moonetsa bwino njerwa, osati nkhope yawo. Madzulo ake chithunzicho chinapita pa WhatsApp kwa anyamata awo awiri amene akumanga ku Balaka, pamodzi ndi mawu ojambula a mphindi zinayi, oyamba ndi akuti, "Taonani mzere wachitatu kuchoka pansi."