Nyanja inandilanda buluku ku Magaruque

Woyendetsa bwato anandichenjeza ndithu, ndisamunamizire. Tikutsika pa chilumba cha Magaruque analoza madzi nati, "Maré, senhor, maré!" Ine Chipwitikizi changa chimathera pa "obrigado", kutanthauza zikomo, ndiye ndinangogwedeza mutu ngati ndamva. Ndinkayesa akundiuza dzina la nsomba.

Tinanyamuka ku Vilankulo m'mawa pa bwato la thanga lomwe amati dhow. Magaruque ndi kamodzi ka tizilumba ta Bazaruto ku Mozambique, pamodzi ndi Benguerra, Santa Carolina ndi Bangue, ndipo derali ndi paki yotetezedwa yomwe inakhazikitsidwa mu 1971. Anthu amapitako kukasaka dugong ndi maso, chinyama cha m'madzi chodya udzu wa pansi pa nyanja. Ine sindinachione. Ndinaona zina.

Ndinavula buluku, malaya ndi nsapato, n'kuwerenga mapazi makumi atatu kuchoka pamene madzi amalekeza. Ndinapinda zonse bwinobwino, nsapato pamwamba kuti mphepo isaulutse.

"Bwanji osazisiya m'bwato, bambo?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Mayi, madzi alibe miyendo," ndinatero monyada.

Ali nayo. Nyanja yamchere imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo pagombe lathyathyathya ngati limenelo, mapazi makumi atatu si kanthu. Maré uja ndi ameneyo. Pamene ine ndinali kalikiliki kuthamangitsa tinsomba tamizeremizere, galasi kumaso, kapaipi kukamwa, nyanja inali ikuyenda chakachetechete kupita ku katundu wanga.

Nditatuluka, malo aja panali madzi ofika m'mawondo. Ndinayamba ndakayikira nkhanu, zomwe zinkandiyang'ana ndi maso a pamitengo aja n'kuthawira m'mauna ngati zikudziwapo kanthu. Kenako ndinaona nsapato imodzi, yakumanzere, ikuyandama mwaulemu kulowera ku Benguerra. Buluku ndi ndalama zanga zonse za metical m'thumba, osaoneka n'komwe.

Mayi sanayankhule. Anangomasula capulana, chitenje chomwe anagula dzulo lake, chofiira cha maluwa akuluakulu achikasu, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe.

Ndinkati manyazi athera m'bwato. Ayi. Pobwerera madzulo madzi anali ataphwera, bwato silinathe kufika kumtunda, linaima kutali. Nyanja yomweyo imene masana inathamangira buluku langa, tsopano inathawa kuti ndiyende mtunda wonsewo pamchenga wonyowa, chitenje chikumata m'miyendo, pamaso pa asodzi ndi amayi odikira nsomba. Mayi wina anasiya beseni lake, nabwera kudzandimangira mfundo bwino, poti inkamasuka.

Woyendetsa bwato anandigwira paphewa, misozi ya kuseka ili mbwee. "Maré," anatero.

"Obrigado," ndinayankha.