Ma core anayi aja anali mapasa

Usiku wathawu ndajambula nyimbo zitatu za kwaya ya kumpingo kwathu, kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9, pa kompyuta, popanda xrun (kuthetheka kwa mawu kompyuta ikachedwa) ngakhale imodzi, uku ffmpeg, pulogalamu yochepetsera mavidiyo, ikukukuta mavidiyo a ukwati kumbuyo. Buffer (kachigawo ka mawu komwe kompyuta imakonza nthawi imodzi) pa 128, 48 kHz. Ndikulemba ndisanamwe n'tiyi yemwe, chifukwa vuto la kuthetheka kwa mawuli landidyera masiku asanu ndi limodzi, ndipo chimene chinalakwika n'chochititsa manyazi.

Makina anga ndi kompyuta ya Dell OptiPlex 9020 ya purosesa ya i7-4790, RAM 16 GB, Linux ya Debian 12 ndi kernel (mtima wa Linux) 6.1. Imodzi yomweyo imasunga Kiwix (pulogalamu yowerengera Wikipedia popanda intaneti) ya ana a m'dera lathu lino amene amabwera kudzawerenga Wikipedia pa wifi, imachepetsa mavidiyo a anthu kuti akwane m'mafoni, ndiyenso ndimajambulira mawu ndi pulogalamu ya Ardour pa JACK, yomwe imayendetsa mawu pakati pa mapulogalamu ndi sound card. Wina anganene kuti bwanji osangogula kompyuta yachiwiri. Batire la sola lomwe ndili nalo silinganyamule ziwiri magetsi akathima, ndipo kuno ku Kasungu magetsi akathima madzulo ndi nthawi yomwe oimba afika kuchokera kuminda ndi kumsika. Choncho zonse ziyenera kudyera mbale imodzi.

Vuto linali lodziwika. Pa buffer ya 128, JACK ili ndi mamilisekondi osakwana atatu kuti imalize ntchito yake nthawi iliyonse. Ikachedwa pang'ono, mawu amathetheka ngati chimanga m'phale. Mwezi watha amayi ena oimba alito anamvetsera pa mahedifoni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi m'nyumba muno muli nkhululu?" Ndinangoseka, koma mumtima munandiwawa.

Ndiye ndinati ndidule malire ndi cpuset, njira ya mu Linux youzira gulu la mapulogalamu (cgroup) ma CPU omwe lingagwiritse ntchito. htop, pulogalamu yoonera mmene makina akugwirira ntchito, imandionetsa ma CPU asanu ndi atatu, 0 mpaka 7. Ndinagawa monga mmene aliyense angagawire munda kwa ana awiri: 0-3 kwa system.slice ndi user.slice (magulu omwe muli mapulogalamu ena onse) kudzera mu AllowedCPUs, 4-7 kwa gulu langa lomwe ndinalitcha kwaya pansi pa /sys/fs/cgroup. Ndinaonetsetsa kuti cpuset ili mu cgroup.subtree_control, n'kulemba 4-7 mu cpuset.cpus, root mu cpuset.cpus.partition (kuti ma CPU amenewa akhale a gululi lokha), kenaka ma PID (manambala a mapulogalamu omwe akuyenda) a jackd, yemwe ndi JACK yomweyo, ndi Ardour mu cgroup.procs. Zonse zinalowa popanda kudandaula. Ndinayatsa ffmpeg, ndikuona pa htop mizere inayi yapamwamba yadzaza tho, inayi yapansi ili phee. Ndinadzimenya pachifuwa.

Nyimbo itayamba, DSP load (gawo la nthawi yake lomwe JACK ikudya pokonza mawu) yomwe imakhala cha pa 40 peresenti inakwera kupyola 80, ndipo pomwe oimba onse analowa pa kolasi, thee, thee. Ndikaimitsa ffmpeg, imatsika. Ndikayatsa, imakwera. Koma ffmpeg sinali kuponda pa 4-7 m'pang'ono pomwe. Ndinayang'ana ndi ps, ndinayang'ana Cpus_allowed_list mu /proc, zonse zinali mmene ndinazifunira.

Apa ndiye ndinayamba kusaka mbewa m'mauna opanda kanthu. Choyamba ndinakaikira kutentha. Dzuwa la Okutobala pansi pa malata opanda siling'i, fumbi la mumsewu lolowa pazenera, ndinati purosesa ikudzichepetsera liwiro. Ndinatsegula bokosi, fani inali itavala bulangeti la fumbi. Thermal paste yabwino kuno paboma sindinaipeze, moti Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe kukaona mnyamata wanga wogulitsa zida za kompyuta ku Malangalanga. Ameneyu ndimamukonda chifukwa samanama: RAM amakuyesera pamaso pako pa kabodi kake kakale, ndipo ikakhala yochotsa m'makina ena amakuuza. SSD yomwe ili m'makinawa ndinagula kwa iye zaka ziwiri zapitazo, mpaka lero ili bwinobwino. Anandiwonjezera timabawuti ta fani osandilipiritsa. Ndinabwerera, ndinapaka, kutentha kunatsikadi ndithu. Kuthetheka kunali pomwepo.

Chachiwiri, ma IRQ, kapena kuti ma interrupt, mauthenga omwe zida zimaitanira purosesa. Ndinazimitsa irqbalance, n'kusuntha interrupt ya khadi ya netiweki kupita ku 0 kudzera mu smp_affinity_list, ya xhci_hcd (ya madoko a USB) n'kuiika pafupi ndi jackd popeza sound card yanga ndi ya USB. Zinathandiza pang'ono, moti sindinabwezere, koma sikunali komwe kunagona nkhani. Governor, yomwe imalamulira liwiro la purosesa, inali kale pa performance, musandifunse.

Chachitatu, ndinasintha partition kuchoka pa root kupita pa isolated, yomwe kernel 6.1 ili nayo. Pamenepa zinthu zinaipiraipira. Mu isolated, scheduler imasiya kugawa ntchito pakati pa ma CPU a m'gululo. Thread iliyonse (kachigawo ka ntchito ya pulogalamu) uyenera kuikhomera wekha pamalo pake. Ndinapeza gulu la ma thread litaunjikana pa CPU imodzi ngati anthu pa kabaza, ena atatu akuwodzera. Ndikanatha kukhala pansi ndi taskset kumawagawa mmodzimmodzi, koma Ardour imabala ma thread ambiri, ndipo ndinalibe mtima umenewo. Ndinabwerera ku root.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndikufufuza zina, ndinalemba lscpu -e, yomwe imaonetsa core yomwe CPU iliyonse ilimo. Mzere wa CPU: 0, 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7. Mzere wa CORE: 0, 1, 2, 3, 0, 1, 2, 3. Ndinayang'ana kawiri. Ndinatsegula thread_siblings_list ya cpu0, ikuti 0,4. Ya cpu1, 1,5.

Abale, i7-4790 ili ndi ma core (ubongo weniweni wowerengera) anayi basi. Ndakhala ndikudziwa zimenezi kuyambira tsiku lomwe ndinaigula. Zalembedwa paliponse, ma core 4, ma thread 8: core iliyonse imaoneka ngati ma CPU awiri, mapasa. Chomwe sindinafunse n'chakuti manambala amayenda bwanji. Ndimaganiza kuti mapasa amagona moyandikana, 0 ndi 1, 2 ndi 3. Pa makina ano ayi. Ndiye pogawa 0-3 ndi 4-7 ndinali nditapatsa ffmpeg theka la core iliyonse, Ardour theka linalo. Zili ngati pachigayo pomwe injini imodzi ya dizilo imakoka makina okonola ndi ogaya pamalamba awiri: mizere ya anthu ndi iwiri, wina aliyense ali pakhomo pake, koma wokonola akathira thumba lonse nthawi imodzi, injini imabuula ndipo ufa wa winayo umayamba kutuluka pang'onopang'ono. Ma thread awiri a core imodzi amagawana magawo owerengera, L1 ndi L2 cache yomwe ndi 256 KB yokha, ndipo x264, yomwe ffmpeg imachepetsera mavidiyo, ndi mlendo wadyera, sasiya kanthu m'mbale. Cpuset inachita ndendende zomwe ndinaiuza. Kernel imawerenga malire pa manambala omwe waipatsa, sikuuza kuti mzere wako wadutsa pakati pa nyumba.

Chimene chinandipusitsa ndikuchidziwa. Chaka chatha ndinachita zofananazo pa Raspberry Pi 4, kompyuta yaing'ono kwambiri, yomwe inkayeza chinyezi ndi kutentha m'chigafa cha fodya cha achimwene anga ku Chamama, nthawi yomweyo ikuulutsa wifi. Kumeneko 0-1 ndi 2-3 zinagwira tsiku loyamba, chifukwa ma core anayi a Pi 4 alibe mapasa. Ndinatenga chizolowezi chimenecho n'kubwera nacho kuno ngati lamulo. Pi ija, mwa njira, inafa ndi mphenzi ya m'Januwale, ndipo achimwene anabwerera kuyeza fodya ndi dzanja monga ankachitira bambo athu.

Kukonza kwake kunayenera kukhala mphindi imodzi: kwaya itenge 2,3,6,7, ena onse atsale ndi 0,1,4,5. Ndinalemba manambala atsopano mu cpuset.cpus ya kwaya, ndikawerenga cpuset.cpus.partition ikuti root invalid. Mtima unagunda. Kenaka ndinakumbukira kuti system.slice ndi user.slice zikadali pa 0-3, ndipo partition siilola CPU yomwe m'bale wake wa mulingo umodzi waitchulanso mu cpuset.cpus yake. 2 ndi 3 zinali ndi eni awiri. Ndinasintha AllowedCPUs poyamba, n'kulembanso member kenaka root, ndipo cpuset.cpus.effective ya pamwamba inatsala 0-1,4-5. DSP load inakhala pa 40 ndi kakuti, ffmpeg iyake kapena ileke.

Komabe cgroup v2, mtundu watsopano womwe ndikugwiritsa ntchito, ndaiyamikira pa chinthu chimodzi. Amene munagwirapo v1 mukukumbukira kuti ukaiwala kudzaza cpuset.mems, poika PID imakuyankha kuti No space left on device, iwe n'kumakayang'ana diski yomwe ili ndi malo ambirimbiri. Mu v2 ukasiya mems yopanda kanthu imangotengera ya kholo. Cpuset ndi nkhalamba, inalowa mu kernel 2.6.12 mu 2005, ma cgroup enieniwo asanabwere mu 2.6.24 mu 2008, ndipo inapangidwira makina akuluakulu a mapurosesa ambirimbiri ngati a SGI. Ine ndikuigwiritsa ntchito kuti tenala wa kumpingo kwathu asathetheke.

Mtengo wake ulipo. Mavidiyo tsopano akutenga nthawi yaitali chifukwa ffmpeg yatsala ndi ma core enieni awiri, ndipo ana a Kiwix dzulo anadandaula kuti zithunzi zikuchedwa. L3 ya 8 MB ikugawanidwabe ndi onse, cpuset siingathandize pamenepo. Ndinaganizako zongothimitsa hyperthreading (yomwe imapanga mapasawa) mu BIOS, koma ndiye kutaya mphamvu masana onse chifukwa cha maola atatu a madzulo.

Pakadali pano zonsezi zili mu kasikiripiti komwe ndimayendetsa ndi manja ndisanajambule, ndipo ndikudziwa kuti systemd, yomwe imayang'anira mapulogalamu ndi magulu awo, siikondwa munthu akamanga nyumba m'bwalo lake osapempha. Ndikufuna kukasandutsa slice yeniyeni (gulu la systemd), yomwe izidzatenga ma core JACK ikayaka n'kuwabweza ikazima. Ndikuganizanso za nohz_full (yochepetsa kusokoneza kwa kernel) pa 2,3,6,7, ndi kuyesa kernel 6.12 popeza PREEMPT_RT, yothandiza kuti ntchito zachangu zisamachedwe, inalowa mmenemo, mwina n'kutsitsa buffer kufika pa 64. Atcheya a kwaya amva kale kuti makina achira, ndipo akuti makwaya a ku Santhe ndi ku Mtunthama abwere tijambule onse pamodzi Khirisimasi isanafike. Ndavomera. Maikolofoni ndili nawo awiri.