Zikomo pondipezera konekita ya wailesi ya ndege

Ndikuthokoza bambo a ku Johannesburg amene sitinaonanepo n'komwe. Wailesi ya KX 155 ya m'kandege ka Cessna komwe timakonza ku Lilongwe inkangoduladula mawu. Vuto linali kumbuyo kwake, pa konekita ya mawaya: timapini tina tinali titachita dzimbiri, tina titakhwepa osagwiranso. Zida zakale zoterezi kuno sungazipeze wamba, ogulitsa amangopukusa mutu. Bambowa anafufuza m'mabokosi mwawo, anaipeza, n'kuikamonso kachitsulo kozulira mapini. Ndalama anakana.

Inunso mayi ageni, munaisunga m'chikwama cham'manja ulendo wonse wa basi, kudzera ku Tete, n'kudzandipatsira pachipata cha Dedza mvula ili pamutu. Zikomo kwambiri, mayi. Thumba la kachewere munalikana lija lidakali kwathu, mukamadutsanso mudzatenge ndithu.