Lipoti la ulendo wathu wa ku Kofu, kwawo kwa fuko la Takeda

Monga tidagwirizana pa msonkhano wapitawo, Loweruka lija tidapita ku Kofu m'chigawo cha Yamanashi ku Japan kukaona malo a fuko la Takeda, lomwe lidalamulira deralo kalekale. Tidayenera kunyamuka pa siteshoni ya Shinjuku ku Tokyo ndi sitima ya 8 koloko, koma a Msungichuma, amene adali ndi matikiti a tonse m'thumba, adasokera m'siteshoni muja ndipo adatulukira sitima itapita kale, ali thukuta kamukamu, akulumbira kuti zipata zonse za pamenepo n'zofanana. Tidakwera yotsatira, ndipo njira yonse palibe adawayankhula kupatula powapempha mtedza umene adanyamula.

Kunja kwa siteshoni ya Kofu tidajambulitsa pa chipilala cha Takeda Shingen, mtsogoleri wotchuka wa fukoli, yemwe wakhala pampando atavala za nkhondo. Kenaka tidapita ku kachisi wa Takeda, womangidwa mu 1919 pamalo pamene padali nyumba ya fukoli, ndipo ngalande yotchinjiriza adani ikadalipo ndi madzi ake. Tidaphunzira kuti Shingen adabadwa mu 1521, adathamangitsa bambo ake Nobutora mu 1541, adalimbana kangapo ndi mtsogoleri wa fuko lina, Uesugi Kenshin, ku Kawanakajima, ndiponso adamangitsa zipupa zotchinga madzi osefukira a mtsinje wa Kamanashi. Adamwalira mu 1573 atangogonjetsa kumene mdani wina, Tokugawa Ieyasu, ku Mikatagahara. Mwana wa Shingen, Katsuyori, adataya akuluakulu ambiri a nkhondo ku Nagashino mu 1575, pamene ankhondo a Oda Nobunaga, mnzake wa Ieyasu pa nkhondo, adawaomba ndi mfuti atabisala kuseri kwa mipanda ya mitengo, ndipo mu 1582 iye, mkazi wake ndi mwana wake adafera ku Tenmokuzan.

Nkhani yeniyeni ya tsikulo idabuka pa nkhomaliro. Adatipatsa hoto, chakudya cha kuderali, chomwe ndi timizere tokhuthala ta ufa wa tirigu tophikidwa ndi maungu ndi masamba m'poto wachitsulo, ndipo aliyense amalandira wake ukadawira. A Tcheya, amene masiku onse amatinyadira kuti adazolowera kudya ndi timitengo, adanyamula kamzere kamodzi mwaulemu, koma kadapulumuka n'kugwera mumsuzi, malaya awo oyera aja n'kusanduka amawangamawanga. Mwina pofuna kuti tiiwale za malayawo, iwo adayamba kudzudzula Katsuyori kuti adali mwana wosamva, wothamangira mfuti akuluakulu atamuletsa, ndipo adamwaza m'zaka 9 zimene bambo ake adasonkhanitsa moyo wawo wonse.

Achemwali athu a ku Dedza sadalole. Iwo adati mlandu udayambira kwa bamboyo, chifukwa Shingen adawononga Suwa Yorishige, mtsogoleri wa fuko la Suwa, mu 1542 n'kutenga mwana wake wamkazi, amene adabereka Katsuyori, ndipo mnyamatayo adakula ngati wolowa nyumba ya Suwa. Mwana woyamba wa Shingen, Yoshinobu, amene ankayenera kulowa m'malo, adayambana ndi bambo ake, adatsekeredwa ndipo adamwalira mu 1567. Kodi nkhalamba zimene zidamenya nkhondo ndi Shingen zikadamvera bwanji mdzukulu wa mdani wawo wakale? Mawu adakwera mpaka mayi wogulitsa uja adasuzumira, ndipo apa mpamene a Msungichuma adayankhula koyamba chichokereni pa Shinjuku, kunena kuti kwathu mlanduwu sukadafika ndi pabwalo pomwe, popeza mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo Katsuyori akadangopita kukadya ufumu kwa amalume ake. Tidaseka mpaka misozi, ndipo tidawakhululukira za matikiti zija. Ine monga mlembi ndiyenera kusakondera, komabe ndikuona kuti achemwali adapambana, ngakhale a Tcheya sadavomere mpaka lero.

Tikuthokoza achimwene a ku Karonga potimasulira zikwangwani mosatopa, amayi athu a ku Zomba chifukwa cha mandasi amene adatha tisadafike ndi ku Hachioji komwe, komanso a Tcheya polipirira awiri amene ndalama zidawaperewera. Awiriwo akudzidziwa okha, ndipo akukumbutsidwa kubweza msonkhano usadafike. Gulu lagwirizananso kuti pa ulendo wotsatira aliyense adzasunge tikiti yake.