Kufufuza agogo amene anatchona: makaundula aulere a imfa ndi maukwati

Ngati agogo anu anapita ku Joni kapena ku Halale n'kutchona, n'kutheka kuti imfa yawo inalembedwa bwino kuposa ya abale awo amene anatsala kumudzi. Ku Malawi lamulo loti imfa iliyonse izilembetsedwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ukwati wa kumudzi umboni wake unali ankhoswe, osati pepala. Koma ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) ndi South Africa, wofera kuchipatala cha mgodi kapena m'tauni nthawi zambiri ankalowa m'kaundula wa boma, ndipo ena mwa makaundulawo anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti.

Poyambira ndi FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya makolo. Mumatsegula akaunti ndi imelo, osalipira kanthu. Kumeneko kuli makaundula a imfa a ku Zimbabwe ofika m'zaka za m'ma 1970, a imfa a ku Transvaal (chigawo chakale cha South Africa chimene munali Joni), komanso a maukwati omangidwa kuboma ku South Africa.

Ambiri amalemba dzina, osapeza kanthu, n'kugwa ulesi. Vuto ndi kalembedwe. Kalaliki wa pa mgodi ankalemba zimene khutu lake lamva: Phiri amasanduka Piri kapena Pili, Nkhoma amakhala Nkoma, Chirwa amakhala Chilwa. Ena ankalembetsa dzina la ubatizo ndi dzina loyamba la bambo awo, mfunda osautchula n'komwe. Ena anasinthiratu dzina pofuna ntchito. Choncho ikani nyenyezi pamene zilembo zikukayikitsa. Mukalemba Chi*wa, makina akupatsani Chirwa ndi Chilwa yemwe. Chaka chomwalira musachipanikize, onjezani zaka zisanu uku ndi uku, chifukwa zaka zimene timauzana pabanja zimasokonekera.

Malo nawo asakeni ndi maina a nthawi imeneyo. Dziko ndi Nyasaland. Mangochi ndi Fort Johnston, Nkhotakota ndi Kota Kota, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning. Kumene anafera, Harare ndi Salisbury, Hwange ndi Wankie, Gweru ndi Gwelo, Mutare ndi Umtali.

Tsono chachikulu n'chakuti si zithunzi zonse zimene maina ake anatayipidwa kuti azisakika. Dzina likakana, pitani pa Catalog, womwe ndi mndandanda wa makaundula a pa FamilySearch, lembani dzina la tauni, sankhani kaundula wa chaka chimene mukufuna, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Ndi ntchito yodya bandulo, bola kuichita pa kompyuta kusiyana ndi pa foni, popeza zolemba pamanja zimafuna kukulitsa. Yambani mwaona ngati kaundulayo ali ndi mlozera wa maina. Mukaona kachizindikiro ka kamera kokhala ndi kiyi, ndiye kuti nthawi zambiri zithunzizo zimaoneka mukakhala pa malo ofufuzira a FamilySearch.

Musasokoneze mapepala awiri. Kaundula wa imfa amanena dzina, zaka, ntchito, tsiku ndi chomwe chinapha munthu. Death notice ndi pepala la m'failo ya chuma cha masiye, ndipo ndi lokoma kwambiri chifukwa limatchula makolo, mkazi ndi ana. Koma limapezeka makamaka kwa amene anasiya katundu woti boma ligawe. Amene anapita kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, n'kufa ali pa kontilakiti n'zovuta kum'peza m'menemo. Amene anakhazikika n'kukhala ndi nyumba kapena sitolo, yesani.

Za maukwati, m'makaundulawa mumapezeka makamaka omangidwa kutchalitchi kapena kwa majisitileti. Amene anangolowana ndi mkazi wa komweko simuwapeza, koma dzina la mkaziyo lingatulukire pa kaundula wa ubatizo wa mwana.

Ngati agogowo anali msilikali wa King's African Rifles, sakani pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, nalonso ndi laulere. Lili ndi omwalira kuyambira 1914 mpaka 1921, ndi 1939 mpaka 1947. Asilikali ndi amtengatenga ambiri a nkhondo yoyamba sanalembedwe maina, ndiye kusawapeza sikutanthauza kuti nkhani ya pabanja ndi yabodza.

Mukapeza dzina lofanana musafulumire kusangalala, a John Banda a ku Nyasaland analipo ambirimbiri. Yerekezani zaka, boma lochokera ndi dzina la mfumu ngati linalembedwa, kenaka sungani chithunzicho pamodzi ndi dzina la kaundula ndi nambala ya tsamba, mukawerengere akuluakulu a kumudzi amene akukumbukabe mgodi umene malemuwo ankatumizirako makalata.